Kukonza chipembedzo cha Lamulungu kuti mpingo wonse uyimbe

M'matchalitchi athu kuno ku Dedza makwaya achuluka, zoyimbira zachuluka, koma mawu a mpingo akunka nachepa. Iyimba kwaya ya amayi a Chigwirizano, iyimba ya achinyamata, ya ana, ya abambo, kenako ya alendo, ndipo anthu a pa mabenchi angokhala duu, kuwonerera ndi kuwomba m'manja. Ikafika nyimbo ya m'buku, amene akumveka ndi agogo owerengeka. Pamene mlaliki akukwera pa guwa, theka la anthu latopa kale.

Malangizo awa ndalembera inu amene mwapatsidwa ntchito yokonza chipembedzo: mkulu wa mpingo amene dzina lake lili pa ndandanda wa otsogolera, woyambitsa nyimbo, mlembi wa zolengeza, mtsogoleri wa kwaya. Ine ndine wa CCAP ya Sinodi ya Nkhoma, choncho mayina a zinthu ndi a kwathu. Wa ku Katolika ku Bembeke, wa Zambezi ku Dombole kapena wa Mpingo wa Khristu ku Gowa atolepo zimene zikugwirizana ndi mwambo wake. Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: kwaya yaikulu pa tchalitchi ndi mpingo wonse, ndipo chilichonse chimene mukonze chithandize kwaya imeneyo kutsegula pakamwa.

Yambani Lolemba, ndipo yambani ndi Mawu

Musanaganize za nyimbo iliyonse, pezani amene adzalalike. Kuno mbusa mmodzi amakhala ndi nyumba za mapemphero zambiri, ndiye masabata ambiri wolalika amakhala mkulu wa mpingo. Pitani kunyumba kwake kapena muyimbireni foni Lolemba, likapitirira Lachiwiri. Mufunse mwaulemu: "Akulu a mpingo, Lamulungu likubwerali mutiwerengera pati?" Mukufuna zinthu ziwiri kwa iye, ndime zimene zidzawerengedwe ndi mutu wa ulaliki m'mawu ochepa.

Ena adzakuyankhani kuti Mzimu adzawauza tsiku lomwelo. Musakangane nawo, koma musabwererenso chimanjamanja. Akumbutseni kuti Mzimu Woyera amagwira ntchito ngakhale Lolemba, ndipo kuti Paulo, m'chaputala chomwe chija cha 1 Akorinto 14 chimene chimanena za mphatso za Mzimu, anatsiriza ndi kulamula kuti zonse zichitike moyenera ndi mwadongosolo. Mukawafunsa sabata ndi sabata, amazolowera, ndipo ulaliki wawo umapsa bwino chifukwa ayamba kuulingalira msanga.

Mukapatsidwa ndimezo ziwerengeni mokweza kunyumba kwanu. Gwirizananinso kuti mudzawerenga m'Baibulo liti. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, ndi limene akuluakulu analoweza, koma Chichewa chake achinyamata chimawavuta malo ena. Buku Loyera la mu 1998 limamveka msanga. Pamene loyambalo likuti Yehova, linalo likuti Chauta, ndiye wowerenga akangoyamba osanena buku limene wagwira, anthu amataya mzere n'kuyamba kusuzumira m'Baibulo la mnzawo. Anene asanayambe.

Kenako yang'anani makalendala awiri. Ya mpingo mukuidziwa: Khirisimasi, Pasaka, Pentekoste, sabata la Mgonero, la ubatizo, la masika. Koma palinso ya m'mudzi, ndipo imeneyi ndi imene okonza ambiri amaiiwala. Mu Disembala anthu amabwera ndi misana yowawa ndi khasu. Mu Febuluwale nkhokwe zina zagona, ana abwera osadya. Nthawi yokumba kachewere ku Bembeke kapena ku Tsangano m'matumba mumakhala kangachepe ndipo mitima imakhala yopepuka. Ngati Lachisanu munayika maliro a mwana m'dera lina, banja limenelo lidzakhala pa benchi Lamulungu. Nyimbo ndi mapemphero zidziwe zimenezi.

Sankhani nyimbo za mpingo musanayitane kwaya iliyonse

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nyimbo ya mpingo ndiyo nsima, kwaya ndi ndiwo. Ndiwo zikome bwanji, munthu wongodya ndiwo amadzuka ndi njala.

Sankhani nyimbo zinayi zoti aliyense adzayimbe, ndipo iliyonse ikhale ndi ntchito yake. Njira yosavuta ili pa Yesaya 6. Mneneri anayamba waona ulemerero wa Mulungu, kenako anaona kudetsedwa kwake n'kulira, kenako anayeretsedwa, anamva mawu, n'kudzipereka kuti atumidwe. Ndiye nyimbo yoyamba inene za ukulu wa Mulungu, yachiwiri ikhale yovomereza machimo kapena yothokoza chikhululukiro, yachitatu ikonzere makutu ku Mawu, yomaliza iyankhe ulaliki ndi kutuma anthu kwawo.

Yoyambayo ikhale yoti anthu amaidziwa pamtima. Ambiri alibe buku la nyimbo, ena maso anafooka, ena sukulu sanapite nayo patali. Mukayamba ndi nyimbo yachilendo mwawauza anthu amenewa kuti lero ntchito yawo ndi kumvera basi, ndipo kuwadzutsanso pambuyo pake n'kovuta.

Nyimbo iliyonse muiwerenge ndime zonse musanaisankhe. Chizolowezi chonena kuti "tiyimba ndime yoyamba ndi yomaliza" chimadula nkhani pakati, chifukwa nyimbo zambiri za m'buku zimayala ganizo kuchokera pa ndime ina kupita pa inzake. Mtanda umapezeka pa ndime yachitatu, inu n'kuidumpha. Ngati nthawi yachepa, chepetsani zina, osati apa. Dziwaninso kuti zambiri mwa nyimbozi zinamasuliridwa ndi amishoni n'kuikidwa pa maimbidwe a kwawo, ndiye malo ena maimbidwe amakoka mawu mpaka tanthauzo kusokonekera. Nyimbo zotero wotsogolera ayambe wawerenga ndime imodzi mwachifatse, monga amalankhulira munthu, anthu amve chimene akukayimba.

Makolasi musawapeputse. Kuyimba kwa wina kutsogola ena n'kumavomera ndi kwathu, ndipo pa kolasi palibe amene amasowa buku. Koma muziwasefa. Funsani kuti kolasiyi ikutamanda ndani. Alipo ena amene kuyambira poyamba mpaka pomaliza akungonena za adani, a nsanje ndi ofuna kutigwetsa, dzina la Yesu n'kungolowa kamodzi. Amayi awiri amene anayambana pa chitsime amayimba kolasi yotero akuponyerana maso. Imeneyo isiyeni.

Nyimbo yatsopano ikhale imodzi pa mwezi, ndipo iyimbidwe masabata otsatizana kufikira itakhazikika. Iphunzitseni mphindi 10 chipembedzo chisanayambe: inu mzere umodzi, iwo abwereze, mzere wina, abwereze, opanda kiyibodi. Gulaninso kope loti muzilembamo manambala a nyimbo zimene zayimbidwa sabata lililonse. Pakatha miyezi itatu mudzaona nokha zimene mukungozibwereza ndi zimene zikufa.

Mawu apadera kwa woyambitsa nyimbo. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julaye anthu amalowa m'tchalitchi atazizidwa, ena akutsokomola, kukhosi kutauma. Mukayambitsa nyimbo pamwamba monga mmene mumayimbira mu Okutobala, pofika pa mzere wokwera abambo amangosiya, amayi n'kumakuwa. Musanayambitse, iyimbeni chamumtima mpaka pamalo pokwera kwambiri, muone ngati agogo angafikepo, ndipo tsitsani pang'ono. Woyimba kiyibodi atsatire mpingo, osati mpingo kutsatira makina. Batani lotsitsira lilipo. Koma kutsitsa si kukoka. Nyimbo yachimwemwe yoyimbidwa mokwawa imafooketsa anthu kuposa kuzizira.

Tsopano itanani makwaya

Uthenga ufike kwa atsogoleri a makwaya pofika Lachitatu, chifukwa amayi a Chigwirizano amakumana Lachinayi ndipo makwaya ena amaphunzira Lachisanu ndi Loweruka. Auzeni mutu wa ulaliki kuti asankhe nyimbo yogwirizana nawo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Makwaya 6, iliyonse nyimbo ziwiri za mphindi 5, ndi ola lathunthu, osawerengera kuguba kolowa, kukonza mizere ndi kuguba kobwerera. Ndi chifukwa chake ndimalimbikira kuti Lamulungu limodzi ayimbe makwaya atatu okha, iliyonse nyimbo imodzi, enawo adikire sabata lawo. Lembani ndandanda wa miyezi itatu, upite ku bwalo la akulu a mpingo kuti auvomereze, kenako muumate pa khomo. Ukakhala wa bwalo, sudzaoneka ngati nkhanza zanu.

Kukana kwaya kumafuna ulemu waukulu, makamaka ya amayi amene ndi msinkhu wa mayi anu okuberekani. Musawatumizire mwana. Pitani nokha, khalani pansi, mulonjerane, kenako munene: "Amayi athu, sabata lino tapempha kuti mupumuleko pa kwaya, koma tikudalira inu kuti mutinyamulire nyimbo za m'buku. Mukhale momwazikana pakati pa anthu kuti ofooka atsamire pa mawu anu." Pempho limeneli ndi loona, si nyambo. Anthu 20 odziwa kuyimba akamwazikana m'mabenchi, tchalitchi chonse chimasintha.

Kwaya ya alendo ipatseni malo, koma imodzi ya pakhomo iwapatse mpata wake, nthawi isatalike. Kwaya iliyonse ipempheni kuti nyimbo yake ikhale ndi povomera pamene mpingo ungalowe. Za kuseweretsa nyimbo yojambulidwa kale pa fulashi, oyimba n'kumangovina ndi kugwedeza milomo, ine ndikuti zisungireni tsiku lokhazikitsa chimbale. Ndipo oyimba amene amati akatsiriza nyimbo yawo n'kutuluka kukacheza kuseri kwa tchalitchi, mtsogoleri wawo alankhule nawo. Pa 1 Mbiri 25 timawerenga za oyimba 288 ophunzitsidwa bwino a m'nyumba ya Mulungu. Anali Alevi, anthu opatulidwira utumiki. Luso ndi lofunika, koma woyimba ndi wopembedza choyamba.

Lembani ndondomeko ndi mphindi zake

Mpingo wanu uli ndi dongosolo lake la chipembedzo, ndipo si kwa inu kulisintha panokha. Chanu ndi kuika dzina la munthu ndi mphindi pambali pa chigawo chilichonse. Chipembedzo cha maola awiri chikhoza kuyenda motere: kuyitanira anthu ndi Salimo, monga 95 kapena 100, pamodzi ndi nyimbo yoyamba, mphindi 8, pemphero, 5, Malamulo Khumi, nyimbo yovomereza machimo ndi Chikhulupiriro cha Atumwi, 10, makwaya, 15, zolengeza ndi kulandira alendo, 12, kuwerenga Mawu, 8, nyimbo, 5, ulaliki, 30, kupempherera odwala, ofedwa ndi dziko, 7, chopereka, 12, nyimbo yomaliza ndi mdalitso, 8. Sabata la Mgonero kapena la ubatizo chotsani kwaya imodzi kapena ziwiri. Lembani mapepala atatu, la inu, la mlaliki ndi la woyambitsa nyimbo.

Chimene chimadya nthawi koposa ndi zolengeza. Ikani lamulo loti chilengezo chifike kwa mlembi cholembedwa pofika Loweruka madzulo, kupatula za maliro ndi matenda. Mlembi aziike m'magulu, ayambe ndi zokhudza mpingo wonse, ndipo aziwerenga yekha. Mukapereka maikolofoni kwa mwini chilengezo, mphindi imodzi imasanduka zisanu. Mayina a amene sanamalize malonjezo awo asawerengedwe pa chipembedzo. Munthu amene wachititsidwa manyazi pa zolengeza sangayimbe nyimbo yotsatira. Zimenezo akulu a madera akakambe ndi eni ake kunyumba.

Loweruka: nyumba ndi zipangizo

Kusesa, kukolopa, kuyala mabenchi ndi mikeka, kuona chimbudzi ndi madzi osamba m'manja, zonsezi dera limene lili pa ntchito likudziwa. Onjezani izi. M'nyengo yozizira tsekani mawindo osweka ngakhale ndi katoni, ndipo okalamba muwakonzere malo kutsogolo, kutali ndi khomo lolowera mphepo. Kumunsi ku Mtakataka ndi ku Golomoti vuto ndi lina, kumeneko mawindo atseguke onse ndipo chipembedzo chiyambe dzuwa lisanakwere. M'dzinja, ngati denga ndi la malata opanda siling'i, gwirizanani ndi mlaliki kuti mvula ikabuma asalimbane nayo. Akhale pansi, mpingo uyimbe nyimbo yoloweza mpaka itachepa. Nyimbo yake isankhidwiretu.

Zokuzira mawu ziyesedwe Loweruka, osati anthu atakhala kale. Masipika akhale kutsogolo kwa maikolofoni, atayang'ana kwa anthu. Akakhala kumbuyo kwa wolankhula ndi pamene amalira mokwiyitsa makutu. Poyesa kukweza, kaimeni pa benchi ya pakati ndi mnzanu, kiyibodi ikulira, muyimbe nonse. Ngati simukumva mawu a mnzanuyo, tsitsani. Munthu akasiya kudzimva yekha ndi kumva oyandikana naye, amasiya kuyimba. Achinyamata a pa zipangizo angadandaule, koma afotokozereni chifukwa chake, ndipo muwayamikire poyera, pakuti ndi iwo amafika m'mamawa kudzanyamula mabokosi.

Jenereta ikhale kuseri ndi chingwe chachitali, mafuta agulidwe Loweruka, batire ya sola idzaze. Komabe nyimbo iliyonse pa ndondomeko ikhale yoti mungaiyambitse magetsi atazima. Mishoni ya Mlanda ku Ntcheu ndi ya Mua kuno ku Dedza zinayamba mu 1902, ndipo makolo athu anayimba zaka zambirimbiri ndi pakamwa ndi m'manja mokha. Ng'oma ndi maseche zikhale pafupi ngati mpingo wanu umazilola.

Wowerenga Mawu abwerenso Loweruka lomwelo adzawerenge mokweza ali pamalo pake. Mayina ngati Mefiboseti ndi Nebukadinezara amapunthwitsa ngakhale aphunzitsi.

Konzani anthu, osati mapepala okha

Mpingo sukonzeka pa khomo la tchalitchi. Pa mapemphero a m'madera a pakati pa sabata, akulu a mpingo anene ndime ndi manambala a nyimbo za Lamulungu likubweralo, ndipo ayimbe imodzi pomwepo. Ngati muli ndi gulu la WhatsApp, jambulani mawu a nyimbo yatsopano mutumize. Amene alibe foni adzamvera kwa mnansi. Aphunzitsi a Sande sukulu muwapatsenso nyimboyo. Ana akaigwira amakaiyimba potunga madzi ndi poweta mbuzi, ndipo pofika Lamulungu makolo amakhala ataimva kangapo.

Pali kukonzeka kwina kumene kulibe nambala ya nyimbo. Pa Mateyu 5:23-24 Ambuye akuti amene wakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa asiye mphatso yake, ayambe wakayanjana naye. Kuno milandu ya malire a munda ndi ya ngongole za feteleza imalowa m'tchalitchi n'kukhala pa mabenchi oyang'anizana. Timayendera akhristu Mgonero ukayandikira, koma kuyanjanitsa anthu kusadikire Mgonero. Mkulu wa dera amene wakhazika pansi mabanja awiri Lachisanu wathandiza mayimbidwe a Lamulungu kuposa maikolofoni yatsopano.

Pa khomo payime atumiki awiri a nkhope zomasuka. Alonjere aliyense, wa suti ndi wa nsapato zamatope amene watsika phiri wapansi. Yakobo 2 amaletsa kupatsa wovala bwino malo abwino n'kumuuza wosauka kuti akhale pansi. M'matchalitchi a m'mbali mwa msewu wa M1, cha ku Lizulu ndi ku Biriwiri, kumabwera abale a tsidya la Mozambique. Alandireni monga eni nyumba. Woyenda ndi ndodo kapena njinga ya olumala apeze njira yotseguka, wosamva bwino akhale pafupi ndi guwa, mayi wa khanda akhale poti angatuluke n'kubwerera popanda kuponda anthu.

Lamulungu m'mawa

Onse amene ali ndi gawo akumane mu vesitile mphindi 20 nthawi isanakwane. Werengani ndondomeko, aliyense avomere gawo lake, pempherani. Milandu ndi nkhani za ndalama si za nthawi imeneyi. Yambani pa nthawi imene munalengeza ngakhale mabenchi ali theka. Mukamadikira ochedwa, amene amafika msanga amaphunzira kuchedwa.

Mukaima kutsogolo, mawu anu akhale ochepa. Nenani nambala ya nyimbo kawiri, dikirani mapepala asiye kulira, kenako yambitsani. Musalalike musanafike ulaliki. Ndipo chonde musakalipire anthu. Mawu aja akuti "Aleluya ameneyo ngwofooka, kodi simunadye?" amapweteka, chifukwa mu Febuluwale ena sanadyedi. Tayang'anani mayi amene anayika mwana wake Lachisanu. Wakhala kumapeto kwa benchi, wafunda chitenje kumutu, buku lili pamiyendo losatsegula. Nyimbo yoyamba sayimba. Pa yachiwiri, imene anaiphunzira ali mtsikana ku kalasi, milomo imayamba kugwedezeka, mnzake wa Chigwirizano n'kumusendera pafupi. Mayi ameneyu akutamanda Mulungu ndi mphamvu zonse zimene watsala nazo, ndipo mukamukakamiza kudumpha mumutsekera pakamwa. Masalimo ali ndi nyimbo zovina ndi nyimbo zolira, ndipo mpingo umafuna zonse ziwiri.

Musaope kachetechete. Ulaliki ukatha, siyani mphindi imodzi anthu ali zii musanapitirize, ndipo wa kiyibodi achotse manja.

Zadzidzidzi zimabwera. Akalowa a mfumu kapena munthu wa ndale, alandireni mwaulemu pa nthawi ya alendo, aimirire, anthu awaone, koma guwa si la misonkhano yawo. Ngati ali ndi uthenga, upite kwa mlembi monga wa wina aliyense. Ukafika uthenga wa maliro chipembedzo chili mkati, mtumiki aunong'oneze kwa inu, abale atulutsidwe mwakachetechete, ndipo mpingo muuuze pa nthawi ya mapemphero opembedzera. Kwaya ikapitirira nthawi, musaidule pakati pa nyimbo. Mudzalankhule ndi mtsogoleri wake pambuyo, panokha.

Anthu akabalalika ndipo atumiki akuwerenga chopereka, inu, mlaliki ndi woyambitsa nyimbo khalani mphindi 10. Funsanani kuti ndi nyimbo iti imene mpingo unayimba ndi mtima wonse, ndi pati pamene anthu anatayika, ndipo ndi chigawo chiti chinadya nthawi ya chinzake. Funsaninso munthu mmodzi wa pa benchi ya kumbuyo ngati amamva. Mayankhowo alembeni m'kope lija pansi pa manambala a nyimbo, ndipo kopelo mulipereke m'manja mwa amene adzatsogolere sabata lamawa asanachoke pa tchalitchi.